Wachitatu Kumanzereko

Mayi ankasita malaya awo a kuntchito pamene mwana wawo wamkazi analowa, foni ili m'manja.

"Amayi, filimu ija yatuluka. Ija anachita nawo achimwene asanamwalire."

"Ya mizukwa ija? Ndinamuuza kuti nzachibwana. Choka apa, ndikuchedwa."

"Anthu akuti ilibe mutu weniweni. Komabe achimwene alimo."

Mayi anaimika simbi. Mufilimumo anthu akufa ankatsika m'chombo chochokera kumwamba, kubwerera kwawo, onse ataphimbidwa nsalu zoyera kumaso. Panalibe mzukwa wolankhula.

"Ndaonera kanayi koma sindikuwazindikira," anatero mtsikanayo. "Mwina anawachotsamo."

"Tabweza pang'ono. Uyo, wachitatu kumanzereko. Sukuona akuyenda chowerama? Ndinatopa n'kumuuza kuti aziwongola msana."

Mzukwawo unayenda pang'onopang'ono mpaka pakhomo la nyumba ina, n'kugogoda. Chithunzi chinasintha chitseko chisanatseguke.

"Basi? Sanamutsegulire?"

"Gawo lawo lathera pomwepo, amayi."

"Anthu opanda nzeru."

Mayi anakatsegula chitseko chakumaso, n'kuikapo mpando kuti mphepo isachitseke. Kenako anatenganso simbi n'kuyamba kusita mkono wa malaya womwe anali atasita kale.