Azakhali Aduke Sanasonkhe

Foni inalira Morenike akuyezera kasitomala nsalu m'sitolo yake mumsika wa Gbagi. Anaisuzumira n'kumwetulira. Mlamu wake wa ku Port Harcourt anali atatumiza ndalama zokwana manaira zikwi mazana awiri.

Apongozi ake ndiwo anamusankha kuti asunge msonkhamsonkha wa ukwati wa Gbenga, mng'ono wa mwamuna wake Dapo. Anati mwa akazi onse okwatiwa kubanja la Oyelaran, wokhulupirika pa ndalama ndi iye yekha. Pa zaka khumi ndi chimodzi zimene anakhala pabanjapo wopanda mwana, aka kanali koyamba apongoziwo kumuyamikira pagulu. Choncho ntchitoyo anaigwira mosanyengerera munthu.

Anatsegula gulupu ya pa foni n'kuikamo nambala ya akaunti. M'mawa uliwonse ankaponyamo mayina a amene apereka ndi a amene akuzemba, ozembawo m'zilembo zikuluzikulu. Iye mwini anaikapo miliyoni yathunthu, ndalama zoodera katundu wa Disembala. Dapo anamutcha mzati wa banja.

Tsopano panatsala dzina limodzi lokha: azakhali ake a Dapo, a Aduke, mayi wamasiye wogulitsa tsabola ku Bodija. Ndi iwowa amene ankamudikirira Morenike kuchipatala maulendo atatu onse amene anapita padera. Koma mndandanda ndi mndandanda. Anawaimbira kawiri, osayankha. Ndiye anajambula mawu n'kuponya m'gulupu. Anati alipo ena odziwa kufika ndi mapoto pa maukwati a eni kudzawolera mpunga ndi nyama, koma likafika tsiku lopereka dzanja lawo limauma ngati chikuni. Achibale anagwa nako kuseka. Apongozi anaponyapo tizithunzi ta manja oomba.

Dzuwa lili paliwombo, azakhaliwo anatulukira pakhomo la sitolo, thukuta lili kamukamu. Anakana mpando. Anamasula kafoni kong'aluka galasi pa nsonga ya nsalu yawo, n'kuyamba kudinadina. Analakwitsa nambala, nayambiranso. Kenaka foni ya Morenike inalira. Zikwi makumi atatu, phindu la tsabola la mwezi wathunthu.

"Mwaona, azakhali? Simunafe nazo," anatero Morenike uku akufufuta dzina lawo pa ozemba. "Gbenga adzakuthokozani yekha."

Mayi uja anadikira mpaka kasitomala anatola nsalu yake n'kutuluka.

"Mwana wanga, ndinkafuna kuti pa mtundu wonsewu papezeke munthu mmodzi yekha woti sanaikepo dzanja lake. Wandikaniza iwe mwini." Anamanganso kafoni kaja pa nsalu. "Gbenga alibe ndi chibwenzi chomwe. Mkwati ndi Dapo, mwamuna wako, ndipo mtsikanayo ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi. M'gulupu yako ija, wosadziwa ndiwe wekha."