Khonde la Fraser ndi Matabwa a Apongozi

Panali munthu wina ku Kadewere, m'boma la Chiradzulu, dzina lake Fraser. Amene anandiuza nkhaniyi akuti anaona ndi maso awo. Zinachitika m'ma 1970, anthu amene bungwe la Wenela linkawatumiza kumigodi atangobwerako ku Joni. Fraser anabwerera kuchikamwini kwa mkazi wake Selestina ndi njinga, wailesi ndi matama odzaza sutikesi.

Ku Joniko ankaona azungu akumwera tiyi pa khonde la matabwa kuseri kwa nyumba, ndiye naye mtima unali pomwepo. Anapita kwa a Kalinde, kalipentala wa m'mudzimo.

"Khonde lokhala pamvula limafuna mtengo wolimba, achimwene," anatero a Kalinde. "Paini amaola, bulugamu amang'aluka n'kupindika. Pakufunika mlombwa kapena mbawa, koma kuno mitengo imeneyo inatha kalekale. Dikirani chilimwe, ndidzakufunsireni kwa ocheka matabwa a ku Mulanje."

"Ine zodikira ayi," anayankha Fraser.

M'mudzi monsemo mlombwa unali pamalo amodzi okha. Apongozi ake, bambo Mathero, anali ndi matabwa ataliatali amene anawasunga pamitanda ya denga la nyumba yawo. Anali a bokosi lawo la maliro. Mkuluyu ali mnyamata anaona bambo ake akuikidwa m'manda atakulungidwa m'mphasa, ndipo zinamuwawa moyo wake wonse. Choncho anachekesa mlombwa womaliza wa m'munda mwake, nauza ana ake kuti, "Ine za mphasa ayi. Mudzandigoneke m'matabwa angawa."

Bambo Mathero anadwala n'kugonekedwa kuchipatala, ndipo Selestina anapita kukawadwazika. Apa mpamene Fraser anaona mpata. Anagula matabwa ofewa kwa munthu wina wongodutsa ndi ngolo, osafunsa n'komwe kuti ndi a mtengo wanji. Anawapaka oyilo wakuda wa galimoto ndi mwaye, nawakweza padenga la apongozi. Mlombwa uja anautsitsa, naupala, naudula zidutswa zazifupi zokwana pa khonde lake.

"Ndangobwereka, ndidzabweza," anadziuza yekha.

Khondelo linakongoladi, tisaname. Linali lofiira, losalala, ndipo anthu ankapatuka panjira kudzaliona. Aliyense wofunsa ankamuyankha kuti matabwawo anagula ku Limbe.

Mkulu uja anabwerako kuchipatala maso atayamba kuchita khungu. Fraser ankamugwira dzanja, n'kumukhazika pa khonde lija kuti aothere dzuwa, tiyi ali pambali. Tsiku lina mkuluyu anati, "Mwananga, takwerani mukandionere matabwa anga aja. Chiswe sichinalowe?"

Fraser anakwera, natsika. "Ali bwinobwino, bambo."

"Zikomo. Ine mwana wamwamuna ndilibe. Tsiku langa likadzafika, mudzayang'anire ndinu."

Munthu wamanyazi akanagwada pomwepo n'kuulula. Fraser anangoti, "Musadandaule." Zobweza zija ankangoti mawa, mawa, mpaka chilimwe chinadutsa.

Bambo Mathero anamwalira pakati pa dzinja, mvula ikugwa usana ndi usiku. Mitsinje inali itasefukira, ndipo kopita kukagula kanthu kunalibe. A Kalinde anatuma adzukulu, anyamata okumba manda, kuti atsitse matabwa aja. Thabwa loyamba linathyokera m'manja mwawo, fumbi likuwaza ngati ufa. Lachiwiri chimodzimodzi. Onse anali ofumbwa.

A Kalinde anapala pang'ono thabwa lina, m'kati munaoneka moyera.

"Uwu si mlombwa," anatero. "Matabwa a malemuwa ndinawayeza ndine. Anapita kuti?"

Amayi olira maliro anali atabisala mvula pa khonde lija, Selestina ali pakati pawo. Iye anasiya kulira, nayang'ana matabwa amene anakhalirawo. Anawasisita ndi dzanja, kenaka anadzutsa mutu, nafunsa mwamuna wake.

"Abambo ake a Mervis, ku Limbe kuja munagula m'sitolo iti?"

Fraser anathamangira hamala, nayamba kuzula yekha misomali ya khonde lija. "Nawa, nawa matabwa, tengani onse! Pangani bokosi!"

A Kalinde anatenga bango limene anayezera mtembo, naliika pa thabwa lalitali kuposa onse. Malemuwo anali munthu wamtali, wolowa pakhomo chowerama. Thabwalo silinafike ngakhale pakati pa bangolo.

"Munadula, achimwene," anatero a Kalinde. "Tikalumikiza tizidutswa tong'aluka ndi misomaliti, bokosi lithyokera panjira, ndipo manyazi ake aposa apa."

Adzukulu anabwera kudzanena kuti madzi ayamba kulowa m'dzenje, sangadikirenso. Selestina analowa m'nyumba, natulutsa mphasa yake yatsopano. Bambo Mathero anapita kumanda m'mphasa, chinthu chokhacho chimene anapempha ana awo kuti chisadzawachitikire. Akuti ngakhale amuna analira tsiku limenelo.

Anthu atabwerako kumanda, Fraser anagwada pamaso pa mkazi wake kuti apepese. Selestina sanakweze mawu.

"Bambo anga munkawagwira dzanja, n'kuwakhazika pa bokosi lawo lomwe, n'kumawathirira tiyi. Ankakutchani mwana wawo. Nyamukani, muzipita kwanu."

Ankhoswe anayesa kukambirana, koma banja linathera pomwepo.

Phunziro: Ukafuna kumanga, funsa odziwa mitengo, ndipo akati dikira, dikira. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinthu chimene mnzako wasunga ndi cholinga usachitenge mobisa n'kumadzinamiza kuti wabwereka, chifukwa imfa sipangana tsiku, ndipo thabwa ukalidula silitalikanso. Ngati nkhaniyi yakukhudzani, musaisunge nokha. Itumizeni kwa abale ndi anzanu, makamaka amene akusamala makolo okalamba.