Mbendera ya Nyani

Padangokhala! Nyama zitayamba kudzilamulira, zinafuna nkhope yoika pa mbendera. Nyani anaifunitsitsa. Ananyoza Kambuku kuti ngwakuba mbuzi, Nkhwazi kuti amanunkha nsomba, mpaka onse anamusiyira.

Ndiye anauza Kangaude, telala wa dzikolo, kuti, "Undisoke ndendende mmene ndililimu. Usasiye kanthu!"

"Chabwino, bwana."

Tsiku lokweza mbendera, Nyani anaima kutsogolo, chifuwa chili nganganga, nkhope yake ikuwala m'mwamba. Kenaka mphepo inatembenuza nsalu ija. Psuu! Matako ofiira poyera, asilikali akuwachitira sawatcha.

"Iwe Kangaude! N'chiyani chimenechi?"

"Mbendera ili ndi mbali ziwiri, bwana. Inunso chimodzimodzi."

Mpaka lero, Nyani akangomva kamphepo, amakhala pansi msangamsanga. Mbatata ija yapsa, kaphuleni!