Tsiku Lopopera Koko wa a Ntiamoah

Afrakoma anali atanjuta m'nthochi, nyerere zikumukwera m'miyendo, koma sanasunthe. Lero amafuna kumugwira Gyamfi ndi maso akeake.

Gyamfiyu ndi mwana wa mlongo wawo wa a Ntiamoah, amuna ake a Afrakoma. Ndiye mwambo wa kuno ku Sefwi mukuudziwa: a Ntiamoah akangotsinzina, munda wonse wa koko ndi wa Gyamfi, Afrakoma ndi ana ake atole mapoto awo azipita. Munthu wotere angamawapempherere malume ake moyo wautali? Ine ndakana.

Matenda akenso anali ochenjera. Tsiku lothyola koko, mkuluyo ali bwinobwino. Tsiku loyanika, nsima ya fufu mbale ziwiri. Koma akangopita ndi Gyamfi kokapopera mankhwala, amabwerako dovu lili chuchuchu, manja akunjenjemera, kusanza mpaka ndulu. Chonsecho sapopera iwo. Msana unawathera kalekale, amangokhala pachitsa, kutali ndi mphepo ya mankhwalayo. Wosenza mpope tsiku lonse ndi Gyamfi, koma ali gwa, masaya akuwala.

Pabwalo la banja Afrakoma anachita kumuloza chala. "Iwe ukundiphera amuna anga!"

Make Gyamfi anadzambatuka. "Wakupha ndiwe, ndi msuzi wako wa tsabola yekhayekhawo! Mlongo wanga anali wonenepa asanakutole!"

Anachita kuwaleretsa, mipango ili pansi. Gyamfi anangozyolika. Wosalakwa amatero?

Kuyambira pamenepo Afrakoma anawaletsa amuna ake kudya chilichonse chochokera kwa alamu akewo. Madzi akumunda amawatungira yekha. Sizinathandize. Sabata yatha a Ntiamoah anagwera pakhomo, maso atatembenuka. Kuchipatala anati m'thupi mwawo muli poizoni, zikachitikanso mwina sadzadzuka. Atawafunsa chomwe adya, mkuluyo anangoyang'ana kukhoma.

Ndiye lero Afrakoma anawatsatira cham'mbuyo.

Anaona Gyamfi akuthira madzi mumpope. Mnyamatayo anatsegula botolo la mankhwala, n'kuthiramo, n'kutakasa ndi kamtengo. Kenako anacheuka uku ndi uku. Anatenga chitsekerero cha botolo, anatunga mumpope muja, n'kupita nacho pachitsa pomwe panali malume ake.

A Ntiamoah anatambasula dzanja.

Afrakoma anatumphuka ngati wapsa. "Ndakugwira, mfiti iwe! Anthuni bwerani mudzaone!" Anamumenya dzanja Gyamfi, chitsekerero chinagwera m'masamba. "Ukuwanamiza kuti ndi mankhwala a msana eti? Chifukwa cha munda womwewu?"

Gyamfi sanathawe. Anakhala pansi, misozi ili lengelenge.

"Mayi, bola mwabwera. Auzeni ndinu. Ine ndawagwira mwendo mpaka ndatopa. Ndikakana akuti andilanda mpope, ndikaulula akuti andichotsa pamunda."

A Ntiamoah anali atagwada, akufufuza chitsekerero chija m'masamba. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Iwe Afrakoma, phokoso n'lachiyani? Suja unkandiimbira wekha usiku ndi usana kuti mwanayu amagulitsa mankhwala anga n'kumapopera madzi okhaokha? Ndinakumvera. Chiyambire tsiku limenelo, mpope suchoka pano ndisanalawe."