Manijala wa ku Hewe ndi Mawu Oti "Wathukira"

Panali bambo wina wa ku Dowa, dzina lake Greyson, amene analembedwa umanijala pa esiteti ya fodya ku Hewe nthawi ya chipani chimodzi ija. Nkhaniyi akuti inachitikadi. Mwini esiteti, bambo Chavula, anamuuza poyera tsiku loyamba.

"Chaka chino sindikufuna fodya wambiri, ndikufuna wabwino. Woona vuto anene msanga. Anthu anga ali ndi kagwiridwe kawo, musakasokoneze."

Greyson anavomera ndi mutu wokha. Munthuyu anali wokayikira chilichonse, ngakhale moni ankaufunsa cholinga. Chitumbuka sankachimva, ndiye anthu akangoseka, iye ankati akuseka mimba yake.

Pa esitetiyo panali chizolowezi. M'mawa uliwonse amayi osankha fodya ankapisa mkono m'milu ya fodya m'shedi, uku akucheza. Wina akamva kutentha mkati ankakuwa kuti "Wathukira!", kutanthauza kuti watentha, ndipo onse ankathamanga kukaphwasula muluwo fodya asanawole.

Tsiku lina Greyson akungolowa m'shedi, mayi wina, NyaLuhanga, anakuwa mawu amenewo. Amayi anadzambatuka onse. Greyson anaitana Amock, wantchito wina wapakamwa potsekemera amene ankasirira ukapitawo.

"Iwe, mayiyu wati chiyani?"

"Bwana, ndikuopa kunena."

"Nena!"

"Akuti watentha, ndiye kuti wankhanza wafika. Nanga walowa muno ndani, bwana? Lero akunena inu, mawa adzanena boma. Zikatero adzatengedwe ndinu."

Masiku amenewo mawu oti boma ankaumitsa malovu m'kamwa. Greyson sanafunsenso wina. NyaLuhanga anagwada n'kunena kuti amanena fodya, koma anauzidwa kuti anyamule nsalu yake azipita. Lamulo linagwa pompo: m'shedi musamveke Chitumbuka, macheza am'mawa atha, aliyense akhale pa malo ake. Amock anapatsidwa ukapitawo, ndi ntchito yapadera yotchera khutu.

Mkazi wa Greyson anayesa kumulangiza. "Bambo a Lena, safunsa anadya phula. Mwafunsako anthu ena?"

"Iwenso akugula?" anatero mwamunayo.

M'shedi munakhala bata ngati pamaliro, ndipo Greyson anakondwa, ati mwambo wabwera. Ankabwerezabe mawu a mwini esiteti m'mawa uliwonse kuti woona vuto anene. Akafunsa ngati fodya ali bwino, onse ankayankha, "Yewo, bwana," maso ali pansi. Koma ndani angapise mkono m'mulu pamene mnzake amene anapisa anabwezedwa kumudzi? Ine nkhaniyi imandipsetsa mtima pamenepa, chifukwa fungo linayamba kumveka, koma Amock anati ndi mmene fodya wa kuno amanunkhira.

Itakwana nthawi yodinda mabelo opita ku okushoni, bambo Chavula anabwera. Anavundukula mulu woyamba, mkati muli bii, masamba atamatirirana. Wachiwiri chimodzimodzi. Anafika kumapeto kwa shedi osapeza fodya woti n'kuonetsa wogula.

"Inu nonse munalibe mphuno?" anafunsa antchito.

Mayi wina anayankha motsitsa mawu, "Tinamva, adada. Koma tili ndi ana."

Bambo Chavula anatembenukira kwa Greyson. Greyson asanatsegule pakamwa kuti adziteteze, Amock anadumphira kutsogolo, chipewa chili m'manja.

"Bwana mkubwa, ine ndinkawauza tsiku ndi tsiku. Koma anthu obwerawa samva."

Mawa lake Greyson anali pa Njakwa ndi mkazi, ana ndi matiresi, akudikira basi ya ku Dowa. Makiyi a shedi anali m'thumba la Amock.

Phunziro: Simungafune katundu wabwino uku mukuthamangitsa onena zoona. Antchito satsatira zimene bwana akulengeza, amatsatira zimene aona zikuchitikira mnzawo. Ndipo samalani ndi munthu amene amakubweretserani za ena m'khutu. Nkhaniyi tumizirani mabwana onse amene mukuwadziwa, mwina shedi ina ipulumuka.