Wezulo ya Malemu

Amake Lombe anafika pabwalo la netibo ku Kabwata atamanga chitenje chakuda m'chiuno, mtima ukuwira. Kunyumba, abale a malemu amuna awo anali atayala katundu pakhonde kuti agawane, koma wezulo imene malemuwo ankaimbira mpira sinkaoneka. Cha womwalira sichikhudzidwa abale asanagawe, ndipo alamu awo, ba Norbert, anali atayamba kale kunena kuti mayi wamasiyeyu ndi kawalala, akuba n'kubisa zinthu.

Anaiona ili m'khosi mwa Lombe.

Mtsikana wa Giredi 11 uja, amene chiikireni maliro ankangoyankha ndi mutu, anali pakati pa tiana ta mukomboni, akukuwa mpaka mitsempha kutuluka.

"Iwe Emmy, osayenda na bola! Imilila, ponya!"

Analiza wezulo kawiri mofupikitsa, ndendende bambo ake.

"Lombe!" anakuwa amake. "Bwela kuno. Ufuna banitche kawalala pa nyumba yanga?"

Lombe anavula wezuloyo n'kuwapatsa. "Ba mami, bana aba bamvela chabe iyi. Mawa tisewela na timu ya ku Libala."

Foni inalira. Anali ba Norbert. "Mulamu, mwaipeza?"

Mayiwo anayang'ana wezuloyo. Inali yonyowa ndi thukuta, ndipo pamene malemu ankaluma pankaonekabe.

"Tinabaika nayo m'bokosi," anatero. "Ngati muifuna, kafukuleni."

Anadula foni, n'kuiponya wezuloyo pachifuwa pa mwana wawo.

"Uniyangana chani? Liza, bana bayembekeza."