Che Yunusu Apempha Chikhululuko

Mzere wa anthu unafika mpaka pakhonde. Che Yunusu, wogula mbewu wotchuka pa Nselema, anali gone pamatiresi, bulangete mpaka m'khosi. Akazi awo anali atalengeza kuti aliyense amene bamboyo anamulakwira abwere msanga.

Anabweradi. Alimi a nandolo amene ankawabera pasikelo analowa ndi mkwiyo, n'kutuluka akupukuta misozi. Ngakhale shehe, amene anakalamba akudikira malata a mzikiti omwe Che Yunusu analonjeza, anangoti zonse n'za Mulungu.

Anatsala mmodzi, Fauziya, mlongo wawo. Chaka chatha Che Yunusu anagulitsa mwakabisira dimba limene mayi awo anasiyira Fauziya, ndipo mlandu unali pafupi kulowa m'bwalo.

"Achemwali," anatero wodwalayo ndi mawu onga a udzudzu, "ine ndinali galu."

"Iyayi, achimwene. Galu sagulitsa dimba. Musanamizire agalu."

Che Yunusu anatsokomola, n'kutembenuza maso mpaka kunatsala koyera kokha. Akazi awo anayamba kusisima pakona.

"Mlandu wanuwu ukundilemera pachifuwa. Nditulenikoni."

Fauziya anali atabwera ndi mawu okonzakonza, akuthwa ngati zenga. Koma anakumbukira kuti munthu woipa yemweyu ndi amene ankamubereka kumsana powoloka mtsinje kupita kusukulu.

"Shehe, khalani mboni," anatero. "Ndawakhululukira. Mlandu ndauchotsa. Za dimba sindidzazitchulanso."

Anatuluka n'kukakhala pakhonde. Anauza amayi anzake kuti ayambe kusonkhanitsa nkhuni, popeza wodwalayo safika usiku. Mumtima anali atayamba kale kukonza maliridwe oti Nselema yonse idziwe kuti analibe mangawa.

Posakhalitsa, galimoto inaima pabwalo n'kuliza hutala. Amayi anaimirira kuti athandize kunyamula wodwala.

Chitseko chinatseguka. Che Yunusu anatuluka okha ali njonjonjo, mkanjo watsopano uli mbee, sutikesi ili m'manja.

"Wopita ku Haji, ulendo wopatulika uja, amayenera kukhululukidwa kaye," anatero akukonza chisoti, "koma inu anthu simukhululukira munthu wathanzi. Zikomo achemwali. Dimba lija lagula tikiti yabwino ya ndege, ya pawindo. Ndikakupemphereraniko."